Klatchi ikakana magiya: pezani polowera mpweya musanayambe kupopa

Galimoto ikayamba kukana magiya, mawu oyamba omwe mwini wake amamva kwa anzake ndi akuti klatchi yatha, atsitse giyabokosi. Pa ntchito yokonza galimoto ndaona kuti zambiri zobwera ndi dandaulo limeneli sizifuna kutsitsa kanthu. Vuto limakhala pakati pa pedulo ndi foloko, chitsulo chomwe chimakankhidwa kuti klatchi imasule, m'njira yodutsa brake fluid, ndipo limatha ndi sipanala ziwiri, kapaipi koonekera mkati ndi botolo limodzi la fluid. Ndaonanso anthu akupopa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pedulo ili lende pansi, chifukwa chothamangira kutulutsa mpweya asanafunse kuti walowera pati. Chitsanzo changa pano ndi Toyota Hilux ndi Hiace za magiya apamanja, poti ndizo zadzaza m'misewu yathu, komanso pa zambiri mwa izo slave, kasilinda kokankha folokoyo, ili kunja kwa giyabokosi, poti munthu n'kuiona ikugwira ntchito.

Mukaponda pedulo, kandodo kamakankha pisitoni ya master, silinda yomwe ili kuseri kwa peduloyo. Fluid amatsika m'paipi yachitsulo, kudutsa paipi ya labala yomwe imalola injini kugwedezeka, n'kukafika mu slave. Slave ikankha foloko, foloko ikankha thrust bearing, bearing ipanikiza zala za pressure plate, ndiye clutch plate imamasuka ku flywheel. Chomwe ambiri sachiganizira ndi kuchepa kwa fluid yemwe amayenda m'menemo. Master ya Toyota zambiri ili ndi bowo la 15.87 mm, ndipo pisitoni yake ikayenda pafupifupi 30 mm imakankha fluid wokwana 6 ml basi, kungoposa pang'ono supuni ya tiyi. Mu slave ya bowo la 20.64 mm, fluid ameneyu amasuntha kandodo pafupifupi 18 mm. Fluid safinyika, koma mpweya umafinyika. Mukangokhala thovu la 2 ml, gawo limodzi mwa magawo atatu a kuponda kwanu limathera pofinya thovulo, kandodo n'kuperewera ndi 6 mm yathunthu. N'chifukwa chake kampweya komwe pa mabuleki kangangofewetsa pedulo pang'ono, pa klatchi kamaimitsa galimoto.

Musanagwire sipanala, yambani mwakhala pampando. Injini ili chizimire, pondani klatchi, lowetsani magiya onse. Akamalowa bwinobwino, lizani injini muyesenso. Ngati tsopano giya wani ikulimba ndipo livesi ikukukuta, ndiye kuti klatchi sikumasula mokwanira. Livesi ndiyo imayamba kuulula chifukwa pa magiyabokosi ambiri ilibe synchro yoithandiza kulowa. Kenako popani pedulo kasanu motsatizana, muyese livesi nthawi yomweyo. Ikalowa mosavuta mutapopa, vuto ndi la fluid: muli mpweya, kapena malabala a master atopa. Kupopa kukapanda kusintha kanthu, pitani kunsi. Mnzanu aponde, inu muyeze ndi lula mmene kandodo ka slave kakuyendera. Kakamayenda moyandikira muyeso tawerengera uja koma magiya akukanabe, fluid alibe mlandu, ndipo ngakhale mutapopa mpaka mawa palibe chisinthe.

Tisiyanitsenso kusamasula ndi kuterereka. Injini ikamalira kwambiri pamtunda koma galimoto osathamanga, mukumva fungo lopserera, klatchi ikuterereka, ndipo mpweya suchita zimenezo. Mpweya umalepheretsa klatchi kumasula, osati kugwira. Pali njira ziwiri zokha zomwe mbali ya fluid ingaterereketse klatchi, ndizifotokoza kutsogoloku.

Kuyesa master n'kosavuta. Ikani galimoto pamalo osatsetsereka, kutsogolo kopanda munthu kapena khoma. Injini ikulira, pondani klatchi mpaka pansi, lowetsani giya wani, phazi likhale pomwepo osasuntha kwa mphindi imodzi, phazi lina lili chire pa buleki. Galimoto ikayamba kukoka yokha, kapena injini kufuna kuzima phazi lanu likadali pansi, ndiye kuti fluid akuthawa. Ngati kunja kulikonse kuli kouma ndipo m'kathanki komwe master imamwera fluid sakuchepa, akuthawira mkati mwa master momwemo: labala wakutsogolo kwa pisitoni sakugwiranso, fluid akumulambalala n'kubwerera m'kathanki. Madalaivala a minibasi amalidziwa vutoli pa mzere wa galimoto m'tauni. Akaima nthawi ataponda klatchi, giya imakanirira osafuna kutuluka, koma akamayenda n'kumaponda mwachangu zonse zimakhala bwino. Kuponda msanga kumatambasula milomo ya labalayo n'kugwira, pomwe kuponda pang'onopang'ono kumapatsa fluid mpata wodutsa. Master yotereyi sifuna kutulutsa mpweya, ifuna kusintha.

Fluid akamachepa m'kathanki ka klatchi yokha, ndiye kuti akutuluka penapake, chifukwa satha yekha. Yambani m'kati mwa galimoto ndi tochi. Tsatirani kandodo kochokera pa pedulo mpaka pomwe kalowera mu master, mupisepo chala. Pakakhala ponyowa, kapeti yanyowa, kapena penti yakhwinyata kunsi kwake, labala wakumbuyo wa master watha. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya chifukwa pansi pa galimoto sipaoneka dontho. Kenako pitani pa slave, mukoke kalabala kotchinga fumbi. Mkati mwake muyenera kukhala mouma. Mukatuluka fluid ngakhale pang'ono, slave yapita. Paipi ya labala muyang'ane ming'alu makamaka kumapeto komwe inafinyidwa ndi chitsulo, ndipo mnzanu akaponda muigwire ndi dzanja: ikamafufuma, ikumwa fluid yemwe amayenera kukankha kandodo. Paipi yachitsulo imaboola pomwe yakhala ikukhula chitsulo china komanso pa tizogwirira pomwe matope amakhazikika.

Dziwaninso kuti mpweya umatha kulowa popanda dontho kuoneka. Mukamasiya pedulo, pisitoni imabwerera msanga ndipo kwa kanthawi kochepa mkatimo mumayamwa. Labala wotopa, kapena nati ya paipi yomwe sinakhale bwino, imalola mpweya kulowa pa nthawi imeneyo koma n'kumagwirabe mukaponda. Chizindikiro chake n'chakuti mumatulutsa mpweya lero, galimoto iyenda bwino, pakatha masiku angapo pedulo yafewanso fluid ali chidzazire.

Pa galimoto zomwe klatchi ndi mabuleki zimamwera kathanki kamodzi, potulukira fluid wa klatchi anapaika m'mwamba dala, kuti klatchi ikadontha isamalize fluid wa mabuleki. Zotsatira zake n'zakuti fluid akatsika pang'ono, mwina chifukwa ma pad a mabuleki adyeka, klatchi ndiyo imayamba kumeza mpweya mabuleki akugwirabe bwino. Mukayang'ana kathanki mudzaona fluid alimo, mudzati vuto si limenelo. Onetsetsani ngati wafika pa kapaipi ka m'mbali kopita ku master ya klatchi.

Mukakayikabe pakati pa master ndi slave, masulani paipi pa slave, mutseke kumapeto kwake ndi bawuti kapena nati yotseka ya mazinga ofanana. Pondani ndi dzanja, osati mwamphamvu. Master yabwino yopanda mpweya imalimba gwa pedulo itangoyenda pang'ono, ndipo imakhala pomwepo. Ikafewa koma osatsika, mpweya uli kumtunda. Ikamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, master yafa. Kufinya paipi ya labala ndi pulayala kuti muyese zomwezi sindikulimbikitsa: paipi yakale imaphwanyika mkati, n'kukubweretserani vuto lina lomwe munalibe.

Za fluid, werengani pa chivindikiro cha kathanki. Toyota zambiri zimalemba DOT 3, ndipo DOT 4 amalowa bwinobwino m'malo mwake chifukwa onse ndi a glycol. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike 205°C, DOT 4 asanafike 230°C. Koma fluid ameneyu amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi okwana pafupifupi 3.7 peresenti, malire amatsika kufika 140°C kwa DOT 3 ndi 155°C kwa DOT 4. Madzi omwewo ndiwo amadya mkati mwa masilinda. Ndiye fluid wogula m'kabotolo kotsegula kale, kapena wotsala chaka chatha yemwe wakhala m'buti dzinja lonse, musiyeni. Gulani wosatsegula. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanikirana ndi enawa, ngakhale nambala yake ikuoneka ngati yoposa. DOT 5.1 ndiye wa glycol. Choopsa kwambiri ndi oilo wa injini, ATF (oilo wa giyabokosi ya otomatiki) kapena wa power steering. Malabala a mu master ndi slave sagwirizana ndi oilo: amafufuma, kufewa, n'kutseka timabowo. Wina akathiramo oilo, kutsuka kokha sikukwanira, pamafunika kusintha chilichonse chomwe chili ndi labala, kuphatikizapo paipi. Fluid amadyanso penti, choncho khalani ndi madzi pafupi, akadonthera pa bodi mutsuke pomwepo.

Zofunika pa ntchitoyi ndi botolo la 500 ml la fluid, kapaipi kapulasitiki koonekera mkati kotalika theka la mita komwe kagwire mothina nipple (kabawuti kobooka ka pa slave kotulutsira mpweya), botolo loyera lolandirira, sipanala ya ring ya 8 kapena 10 malinga ndi nipple yanu, sirinji yaikulu ya 50 kapena 60 ml, ndi nsanza. Sipanala yotsegula kukamwa imadya makona a nipple, musayambe nayo. Ngati mukulowa kunsi, galimoto ikhale pa masitandi kapena pa dzenje, osati pa jeke yokha, matayala atatsekeredwa. Pukutani chivindikiro musanatsegule. Yamwani fluid wakale m'kathanki ndi sirinji, mupukute zakuda zomwe zadikha pansi, muthire watsopano mpaka pa MAX. Kutero kumathandiza kuti zinyalala zisadutse m'malabala.

Nipple yomwe yakhala zaka osatsegulidwa muiyambe mwaulemu. Ichotseni matope ndi bulashi ya waya, muithire mafuta omasulira dzimbiri, mudikire, muigogode pang'ono pamutu, kenako muyese kumanga kachidutswa musanamasule. Ndi yobooka mkati ndipo imathyoka msanga. Ikamasuka koma fluid osatuluka, ichotseni yonse mutokose kabowo kake ndi waya, kamakhala kadzaza dothi ngati kachivindikiro kake ka labala kanatayika.

Tsopano kutulutsa mpweya kwa anthu awiri. Lowetsani sipanala pa nipple, kenako kapaipi, mbali ina ya kapaipiko imire mu fluid pang'ono m'botolo. Kapaipi kayambe kakwera m'mwamba kasanatsikire m'botolo, kuti thovu likatuluka lisabwerere. Wa kunsi ndiye mwini mawu, wa pampando amangomvera ndi kuyankha. "Ponda!" Aponde pang'onopang'ono katatu, kulola pedulo kubwerera mpaka pamwamba nthawi iliyonse, kachitatuko atsike nayo pansi. "Gwira!" Iye ayankhe, "Ndagwira." Pamenepo masulani nipple kotala kapena theka la kuzungulira. Fluid atuluka mwamphamvu chifukwa pressure plate ikukankha pisitoni ya slave kubwerera. Mangani nipple fluid asanasiyiretu kuyenda, ndipo pokhapokha mutamanga ndiye munene kuti "Siya!" Akasiya nipple ili yotsegula, master imayamwa mpweya kudzera m'mazinga a nippleyo, mwabwerera poyambira.

Apa ndi pomwe klatchi imasiyana ndi mabuleki, ndipo ambiri amadabwa napo. Mukatsegula nipple, pedulo nthawi zambiri imatsalira pansi. Sikuti mwaononga kanthu. Chomwe chimabweza pedulo kwenikweni ndi mphamvu ya pressure plate kudzera mu fluid, ndipo pa galimoto zina sipiring'i ya pedulo ikadutsa pakati imathandiza kukokera pansi osati m'mwamba. Wa pampando aikoke ndi dzanja, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba penipeni, adikire masekondi asanu. Kudikirako n'kofunika: ndi nthawi yomwe kabowo ka mu master kamatseguka kuti fluid wa m'kathanki atsike kudzaza malo a yemwe watuluka. Pedulo ikapanda kufika pamwamba, master simwa, ndipo mumangopopa mphepo. Kupopa mothamanga, komwe anyamata a pagalaja amakukonda, kumaphwanya thovu lalikulu kukhala tithovu tambirimbiri tosakanikirana ndi fluid. Mukaona fluid akutuluka wotuwa, lekani kaye kwa mphindi 15 kuti tithovuto tisonkhane.

Kathanki ka klatchi n'kakang'ono. Mukatsegula nipple katatu kapena kanayi, dzukani mukaonjezere. Kakangouma kamodzi, mwalowetsa mpweya watsopano pamwamba penipeni ndipo muyenera kuukankha njira yonse. Pitirizani mpaka m'kapaipi muziyenda fluid woyera wopanda thovu kangapo motsatizana. Pa dongosolo labwino 250 ml amakwana kutsuka njira yonse. Mukamaliza botolo la 500 ml thovu likubwerabe, lekani kuthira, mpweya ukulowa penapake. Pomanga nipple musaonjeze mphamvu, 8 mpaka 11 Nm yakwana, komwe ndi kukoka kwa zala ziwiri pa sipanala yaifupi.

Pali nthawi yomwe fluid amatuluka woyera koma pedulo ili yofewabe. Mpweya umakonda kukwera, pomwe ife pa njira ya anthu awiri timaukankhira kunsi ndi 6 ml pa kuponda kulikonse. Paipi ikakhala yaitali, thovu limatsika pang'ono mukaponda, n'kukweranso pomwe mukudikira. Pa minibasi zomwe dalaivala amakhala kutsogolo kwa injini kapena pamwamba pake, master ili kuseri kwa dashibodi ndipo paipi imayenda mtunda, kukwera ndi kutsika, isanafike pa giyabokosi. Apa njira yomwe imandithandiza kwambiri ndi yokankha kuchokera kunsi. Chotsani fluid m'kathanki atsale pang'ono. Dzazani sirinji ndi fluid watsopano, mulumikize kapaipi, mutulutse mpweya wonse wa m'sirinji ndi m'kapaipimo, kenako muveke pa nipple. Pedulo ikhale pamwamba, wina asaikhudze. Masulani nipple theka la kuzungulira, mukankhe sirinji pang'onopang'ono. Mnzanu ayang'ane m'kathanki: aona mathovu akubwera, ndipo aziyamwa fluid kuti asasefukire. Masirinji awiri kapena atatu amakwana. Mangani nipple musanachotse dzanja pa sirinji. Sirinji ikakana kukankhika, musalimbane nayo, zikutanthauza kuti pisitoni ya master sinabwerere mokwanira ndipo kabowo kake n'kotseka.

Njira ina yosafuna chida ndi yobweza pisitoni ya slave ndi dzanja. Masulani mabawuti awiri ogwira slave, paipi isamasulidwe. Igwireni kandodo kataloza pansi, mbali yolowera paipi ili m'mwamba, mukankhe kandodo mpaka kumapeto, mukasiye kabwerere kokha pang'onopang'ono. Bwerezani kakhumi kapena kupitirira. Mpweya wa mu slave umakwera m'paipi mpaka m'kathanki. Chenjezo lake ndi limodzi: slave ili m'manja, wina asayerekeze kuponda pedulo, pisitoni idzafwamphuka n'kutaya fluid yense. Mukakhala nokha ndipo simuli pachangu, mutha kungotsegula nipple kathanki kali kodzaza ndi kosavindikira, fluid azitsika yekha kwa mphindi 20, inu mukuonjezera ndi kugogoda paipi ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Omwe ali ndi chida chopopera mpweya pa kathanki asapitirire 1 bar, tithanki tapulasitiki timang'ambika.

Master yatsopano muitulutse mpweya musanaimange pa galimoto. Igwireni mu vaisi itagona mowongoka, muthire fluid, mutseke potulukira ndi chala, mukankhe pisitoni chala chikulola fluid kutuluka, mutsekenso musanaibweze. Chitani choncho mpaka izilavula fluid yekhayekha. Pa galimoto zina master imakhala yopendekeka, ndipo thovu limabisala pakona pomwe kupopa sikufika. Kukweza mbali imodzi ya galimoto, kapena kumasula master n'kuipendeketsa paipi ili chilumikizire, kumalitulutsa.

Pa funso lakuti mugule kit ya malabala atsopano kapena silinda yatsopano, yankho lili mkati mwa bowo. Chotsani pisitoni, mupukute, muunike ndi tochi, mupisemo chala. Mukamveka mizere kapena timaenje ta dzimbiri, malabala atsopano sakhalitsa. Silinda yachitsulo imatheka kuisalaza, koma ya aluminiyamu mukaikhula ndi sandipepa mwachotsa khungu lake lolimba. Potsuka gwiritsani ntchito brake fluid kapena sipiriti, osati petulo, palafini kapena dizilo, ndipo malabala muwanyowetse ndi fluid powalowetsa, osati girizi wamba. Milomo ya labala iyang'ane komwe kuli fluid. Ndalama zikalola, sinthani master ndi slave limodzi. Zinakalamba pamodzi, zinamwa fluid wakuda yemweyo, ndipo imodzi ikakhala yatsopano inzake sichedwa kugonja. Pogula slave tengani yakale mukafananize kukula kwa bowo, kutalika kwa kandodo ndi malo a nipple. Ikamangidwa, nipple iyenera kukhala pamwamba pa polowera paipi. Slave ya galimoto ina yomwe mabawuti ake angokwanira koma nipple yaloza pansi siidzatulutsa mpweya wonse. Bowo likakula kuposa loyenera, pedulo imapepuka koma kandodo kamayenda pang'ono, magiya n'kumakukutabe.

Mukasintha master, kandodo ka pa pedulo kamafuna kuchuna, ndipo apa ndi pomwe pali njira yoyamba ija yoterereketsa klatchi. Pa Toyota zambiri, mukakankha pedulo ndi chala iyenera kuyenda 1 mpaka 5 mm kandodo kasanakhudze pisitoni, ndipo kuyenda konse kopanda mphamvu kukhale 5 mpaka 15 mm. Ena akaona magiya akuvuta amatalikitsa kandodo kuti klatchi izimasula msanga. Kakatalika mopitirira, pisitoni sibwerera kumapeto, kabowo kobwezera fluid m'kathanki kamakhala kotseka. M'mawa galimoto iyenda bwino. Injini ikatentha fluid amafufuma, alibe kothawira, ndiye amayamba kukankha foloko yekha. Pedulo imalimba, klatchi imagwirira pamwamba, ndipo pa mtunda wautali ngati wa Chiweta kapena wochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre imayamba kuterereka. Kuti mutsimikize, ikadali yotentha tsegulani nipple osaponda pedulo. Fluid akathovoka mwamphamvu klatchi n'kuyambanso kugwira, mwalipeza vuto. Masulani loko nati, mufupikitse kandodo mpaka kampata kaja kabwerere. Mukazengereza mupsereza clutch plate ndi thrust bearing zomwe zinali zabwino.

Njira yachiwiri ndi paipi ya labala yomwe yafumbwa mkati. Kunja imaoneka bwino, koma mkati kachidutswa kamalola fluid kupita n'kumamutchinga pobwerera. Pedulo imabwerera mwaulesi ndipo klatchi imagwira mochedwa. Poisiyanitsa ndi vuto la kandodo, masulani nati ya paipi pa master penipeni. Fluid akathovoka pamenepo, chotchinga chili mu master. Pakapanda kutuluka kanthu koma pa nipple akuthovoka, ndi paipi. Muonenso kuti paipi sinayandikire ekizozi. Fluid wakale wodzaza madzi akatenthedwa amawira, pedulo imagwa, galimoto ikazizira imabwerera mwakale ngati sipanachitike kanthu. Kusintha fluid zaka ziwiri zilizonse kumapewetsa zimenezi, koma klatchi ndiyo imaiwalika ngakhale pa galimoto zomwe mabuleki ake amasamalidwa.

Galimoto zambiri zatsopano zilibe foloko. Slave yake ndi yozungulira, inaphatikizidwa ndi thrust bearing mkati mwa bellhousing, chigoba cha giyabokosi chomwe chimaphimba klatchi, kunja kumangooneka paipi ndi potulutsira mpweya. Ikadontha, fluid amatulukira pansi pomwe injini yakumana ndi giyabokosi. Kuti mudziwe kuti ndi fluid osati oilo, tengani dontho pa chala muthire madzi: brake fluid amasungunuka n'kuchoka, oilo amakanirira, ndipo wa giyabokosi ali ndi fungo lake la salufa. Slave yotereyi kuisintha ndiye kutsitsa giyabokosi, choncho nthawi iliyonse yomwe mukusintha clutch plate isintheni nayonso. Yatsopano musaifinye ndi manja ili youma, ndipo musaponde pedulo giyabokosi isanamangidwe, chifukwa ikapitirira malire ake labala amatuluka m'malo. Zambiri zili ndi zolumikizira zapulasitiki za kawaya: pa zina mumakoka kawayako n'kusolola paipi pang'ono kuti fluid atuluke. Kalabala kozungulira ka pa cholumikizira kakatsalira mu paipi yakale kapena kuikidwa kawiri, mpweya sudzatha.

Ngati kandodo ka slave kakuyenda mokwanira koma klatchi sikumasula, bwererani ku zitsulo. Foloko imang'ambika pomwe imatsamira, ndipo imapindika m'malo mokankha bearing. Kampira kachitsulo komwe imatsamirako kamadyeka. Clutch plate imapindika, kapena kukakamira pa mano a shafuti chifukwa cha dzimbiri. Pilot bearing, yomwe imagwira nsonga ya shafutiyo pakati pa flywheel, ikauma imazunguza shafuti ngakhale klatchi itamasula. Galimoto yomwe yaima miyezi m'nyengo ya mvula, plate imatha kumamatira ku flywheel pedulo ikumveka bwinobwino. Ngati vuto layamba klatchi itangosinthidwa, funsani ngati plate sinalowe chotembenuza. Kumtunda nakonso, kapini kolumikiza pedulo ndi kandodo kakadyeka, bowo lake n'kukhala lotalika, mumataya kuyenda kwambiri pisitoni isanasunthe. Pa galimoto zakale chitsulo chomwe master yamangidwapo chimang'ambika: mnzanu akaponda, muone ngati master yonse ikusuntha.

Klatchi ikakutherani panjira fluid mulibe, ndi bwino kutuma munthu kukagula kusiyana n'kuthira chilichonse chomwe chili pafupi. Madzi amayendetsa galimoto kwa kanthawi, koma amawira pa 100°C, alibe poterera pa malabala, ndipo amayambitsa dzimbiri, choncho amene wathira madzi atsuke njira yonse ndi fluid tsiku lomwelo. Oilo ndiye ayi.

Mukamaliza ntchito, yesani motere. Kokani handibuleki, lizani injini, pondani klatchi, muwerenge masekondi atatu, mulowetse livesi. Iyenera kulowa mosakukuta. Kenako pezani pomwe klatchi ikuyamba kugwira: pa Toyota pakhale 25 mm kapena kuposerapo kuchokera pomwe pedulo imathera pansi. Ikamagwirira pansi penipeni, mpweya udakalimo. Bwerezani kuyesa kuja koponda kwa mphindi imodzi giya ili mkati. Pukutani malo onse olumikizira aume, mubwezere kachivindikiro ka nipple, muyende mpaka injini itenthe, mudzaonenso ngati pali ponyowa komanso ngati kampata ka pedulo kadakalipo. Lembani kamzere pa kathanki pomwe fluid walekezera, mudzayang'anenso pakatha sabata. Fluid wotuluka m'botolo lolandirira asabwererenso m'kathanki ngakhale akuoneka woyera, ndipo musamusiye m'botolo la zakumwa pomwe pali ana kapena ziweto, chifukwa ndi poizoni.